Chaka Chimene Mowa Unazengedwa Mlandu

Mphezi indiombe pano ndakhalapa ngati m'nkhani imene nditi ndineneyi muli liwu limodzi labodza! Pali manda a amayi anga! Iwe Sikudzani, ukusekeranji? Sindinayambe n'komwe. Kankha chikuni icho, utsi ukundilowa m'maso, anthu odutsa angamati ndikulira. Mbatatazo muzikwirire bwino ndi phulusa.

Dzana ndinamva pa wailesi kuti a boma asanakhazikitse lamulo amayamba achita kafukufuku. Ankanena monyada, ngati chinthucho chatsika m'ndege. Ine sukulu ndinalekezera sitandade thuu, aphunzitsi atayamba kundiopa, koma ichi chokha ndikuchidziwa: kafukufuku ameneyo anayambira pamtundu pathu pano. Tcherani khutu, adzukulu.

Kalekale, m'mudzi mwathu muno, msewu uwo usanadutse, munali munthu wina dzina lake Chikadza, mfunda wake Mbewe. Ndiye anabala agogo awo a amayi anga. Muno sanabadwiremo ayi, anabwera chikamwini kudzakwatira Nachisale. Ndipo mkamwini wa masiku amenewo, chake pamudzi chinali chiyani? Mkeka ndi khasu, basi. Nyumba ya mkazi, nkhokwe ya mkazi, ana a mkazi. Akalakwa ankangomupindira mkeka uja n'kumulozera njira imene anadzera.

Chikadza mphatso anali nazo ziwiri, khutu ndi kummero. Khutu lakelo linkamva nyerere ikutsokomola kutsidya kwa mtsinje. Kummeroko ndiye musanene, chipanda cha mowa chinkangolowa ngati madzi othira pamchenga. Ndiye Chauta pokhala wanthabwala, anamupatsa mkazi wodziwa kufulula kuposa wina aliyense. Masese a Nachisale! Ukangodutsa kumene kukulowera mphepo yake, unkayamba kupatsa moni zitsa za m'njira.

Nthawi imeneyo dziko lonseli, kuyambira kuphiri uko mpaka kutsidya kwa mtsinje, linali m'manja mwa mfumu yaikazi, Namilanzi. Mayi wansangala, woseka mpaka misozi, koma waphuma. Akaganiza chinthu m'mawa, madzulo chasanduka lamulo. Anabereka ana aakazi ambirimbiri, motero akamwini pakhomo pake ankangopiringizana ngati nkhuku. Nduna yake yaikulu inali Mbalule, munthu wolungama ndithu, wosadya za eni, koma mowa unkamupotokola m'mimba, ndiye ankadana nawo ngati unamuphera mbale.

Kenaka kunagwa njala. Osati ya chilala ayi, mvula inkagwa bwinobwino. Koma chaka ndi chaka, dzinja lisanafike pakati, anthu ambiri anali atasenza kale madengu kupita kukasuma chakudya kumaiko a eni. Njala yake, njala yake! Atambala ankalira dzuwa lili pamutu, m'mawa analibe mphamvu. Makoswe anasamuka. Chikadza anakumana nawo panjira ali pamzere, wamkulu wawo atasenza kamtolo pamutu, ndipo anaima n'kutsazika mwaulemu kuti, "Tsalani bwino a Mbewe, ife kuno kwatikwana." Ukundiyang'ana chiyani, Sikudzani? Unalipo iwe?

Mfumu inaitanitsa midzi yonse pabwalo. Mbalule anaimirira, anakonza kukhosi.

"Zikomo mfumu. Ine sindizungulira ngati njira ya kudambo. Chimanga chathu chikuthera m'mbiya. Pamaliro, mowa. Pachinamwali, mowa. Pa dima, pomwe anthu asonkhana kuti alimitsane munda, mowanso. Mawa adzafa galu, mudzamva kuti kuli mowa. Tiswe mbiya zonse, kufulula kuthe, njala ithawa yokha."

Anthu anaomba m'manja, pakuti munthu wanjala amangofuna womuloza chala. Mfumu inati, "Zamveka. Mawa mbiya zonse zibwere pano."

Chikadza anamva ngati amuponda pachilonda. Mutu usanaganize, pakamwa panali patatseguka kale.

"Zikomo mfumu. Kodi woimbidwa mlanduyu mwamuyeza mapazi?"

"Ndani ameneyo?" inafunsa mfumu.

"Mowa, mfumu. Ngakhale mbava yeniyeni timayamba taona ngati phazi lake likulingana ndi limene latsala pakhomo pobedwapo."

Bwalo lonse linafa nacho chiseko. Mbalule anati, "Tamverani mboni ya mowa! Fisi akuti khola la mbuzi lisamatsekedwe."

Mfumu inapukuta misozi n'kunena kuti, "Chabwino a Mbewe, mwandiseketsa. Mwezi uwu usanafe mundibweretsere wakuba weniweni pabwalo pano. Mukalephera, mbiya za akazi anu mudzaswa ndinu, ndi manja anu omwewo."

Zikanathera pomwepo zikanakhala bwino. Koma panali apongozi ake a Chikadza, amayi ake a Nachisale. Iwo anakhala chofulatira, pakuti kalelo mkamwini ndi apongozi sankayang'anana kumaso, ngakhale kulankhulana molunjika. Ndiye anatembenukira mtengo umene anatsamira, n'kuyankhula mokweza kuti aliyense amve.

"Mtengo iwe, ukamuuze mkamwini wanga kuti watichititsa manyazi pamaso pa midzi yonse. Tsiku loswa mbiyalo adzapindiretu ndi mkeka wake."

Apo mowa wadzulo wonse unamuthera m'mutu Chikadza. Kupinda mkeka ndiye kuti chiyani? Ndiye kuti kusiya Nachisale. Ndiye kuti kusiya kamwana kake kakakazi, Mwatitha, kamene kanali katangoyamba kumene kumuitana kuti "tate". Mkamwini akamapita sanyamula mwana, amanyamula mkeka.

Atafika kunyumba, Nachisale anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Inu a Mbewe, pakamwa panupa padzatigonetsa kutchire. Wakubayo mukumudziwa?"

"Sindikumudziwa."

"Nanga akakhala mowa womwewo?"

Chikadza anangokanda m'mutu, pakuti n'zimene nayenso ankaopa.

Tsono ali chikhalire pakhonde, maso ali pa mbiya zija, anakumbukira chaka china pamene mowa wa Nachisale unkasasa. Anthu ankati wina wosadzisunga wakhudza mbiya, ena ankati ndi nsanje za akazi anzake. Nachisale sanakangane ndi munthu. Anangondandalika mbiya zake pabwalo, zosasa uku, zokoma uku, n'kuyamba kuzifunsa ngati ana. Chimera chanu n'chimodzi? N'chimodzi. Nkhuni? Zimodzimodzi. Wotakasa? Ndine ndemwe. Nanga madzi? Apo! Zosasa zonse zinali zitamwa madzi a chitsime cha kudambo.

"Nachisale," anatero Chikadza, "tandibwerekeko nzeru ija ya mbiya."

"Tengani, koma mubweze. Muli ndi mbiri yosabweza zinthu za eni."

M'mawa mwake anatenga kamunsi kakang'ono n'kuuyamba ulendo. Mukuti bwanji sanangofunsa anthu pakamwa? Ha! Funsa munthu wa nkhokwe yodzaza, akuuza kuti, "Tikufa kuno achimwene," kuopa opempha. Funsa wopanda kanthu, akuuza kuti, "Tilipo bwino," kuopa manyazi. Munthu amanama, nkhokwe sinama. Ndiye Chikadza ankafika pakhomo, odi odi, n'kugogoda nkhokwe khutu ataligunditsa. Yodzaza inkayankha kuti thi! thi! Yopanda kanthu inkati pho! pho!

Mudzi uwu, thi, pho. Mudzi uwo, pho, pho, thi. Ya bwenzi anagogoda, ya mdani anagogoda, za pakhomo pa mfumu anagogoda. Agalu anamuthamangitsa, amayi anamutukwana, ana ankamutsatira akuimba kuti wapenga. Akafika pakhomo pamene ankadziwa kuti pamafululidwa mowa, nkhokwe n'kuti pho, mtima unkamunong'oneza kuti, "Iyi ilumphe, palibe wakuona." Koma ankadziwa kuti Mbalule si chitsiru. Ukabisa nkhokwe imodzi, akakugwira, zonse zija zasanduka bodza. Ndiye sanalumphe ngakhale imodzi.

Yomalizira inali ya pakhomo pake. Anaiyang'ana, nayonso inamuyang'ana. Anagogoda pang'onopang'ono, mwaulemu. Inati phooo, mpaka phiri linavomera. Chikadza anangobisa kamunsi kaja kuseri.

Tsiku linakwana. Midzi yonse pabwalo. Mbiya za Nachisale anazindandalika pakati, munsi waukulu uli pambali pake. Apongozi nawo anabwera ndi mkeka wa Chikadza wopindapinda kale, n'kuukhalira chofulatira.

Pabwalopo panali mitengo iwiri, mkuyu uku, mtondo uku. Chikadza anayamba kuitana amuna a pakhomo lililonse mayina. Amene nkhokwe yawo inati thi, kumtondo. Amene inati pho, kumkuyu. Ena ankafuna kukana, koma iye ankangoti, "Tipite tikagogode limodzi?" Munthu n'kupita yekha kumkuyu mutu uli pansi. Atatha onse, iyenso anakaima kumkuyu konko. Nachisale anangogwira pakamwa.

"Nonse muime chilili," anatero Chikadza. "Tsono a nduna, tchulani wakuba wanu."

"Mowa."

"Amene pakhomo panu panafululidwa mowa chikololereni, khalani pansi!"

Ananena atatsinzina, iye mwini akukhala pansi. Atatsegula maso, anaona chiyani? Kumkuyu, kwa anjala, akhala pansi apa ndi apo. Kumtondo, kwa okhuta, pafupifupi onse ali pansi ngati mapira ogwa ndi mphepo!

Mbalule anayang'ana uku, anayang'ana uko. Ndanena kuti anali wolungama. Anati, "Mwina amafulula chifukwa chimangacho ali nacho."

"Mwina," inatero mfumu, "koma afulula ndipo sichinawathere. Awa ambiri sanafulule, koma chawathera. Phazi silikulingana, a nduna." Kenaka inatembenuka. "Koma musamwetulire msanga a Mbewe. Ndinati mundibweretsere wakuba. Mkeka uja ukadali wopinda."

Chikadza anatembenukiranso kwa anthu aja. "Imiriraninso nonse! Wina atchule wakuba wake."

Mayi wina anakuwa kuti, "Anankafumbwe!"

"Amene anankafumbwe anakufumbwirani chimanga, khalani pansi!" Anakhala uku, anakhala uko, chimodzimodzi. Si iwo.

Wina anati, "Minda ya mchenga!" Anakhala uku, anakhala uko. Si iyo.

Wina anati anyani, wina anati mbewu, wina anati kuchuluka kwa ana. Khalani pansi, imirirani, khalani pansi, imirirani, mpaka mawondo a madoda anayamba kulira ngati zitseko. Chilichonse chinkapezeka mbali zonse ziwiri.

Nkhalamba ina yopanda mano inati, "Mukuzungulira chabe. Alipo okawa, amene amakoka chimanga cha anzawo ndi mankhwala."

Chikadza anati, "Chabwino agogo. Amene muli ndi mankhwala okawira chimanga cha anzanu, khalani pansi!"

Palibe anakhala. Ngakhale mkulu wina wa nyamakazi, amene anali atayamba kale kutsetsereka ndi kutopa, anadzuka njo ngati msilikali.

Dzuwa linapendeka. Mafunso anatha. Apongozi anatsokomola, n'kusisita mkeka uja ndi dzanja. Chikadza anayang'ana kwa amayi n'kuona Mwatitha ali pamsana pa amake, akumugwedezera kadzanja, osadziwa kanthu.

Ndiye mfumu, imene tsopano inali itasiya kuseka, inadzuka n'kuyamba kuyenda pakati pa mitengo iwiri ija. Inayang'ana kumtondo, inayang'ana kumkuyu. Inayang'ananso.

"Taimani. Bwanji kumtondo kuli imvi ndi madazi, koma kumkuyu kwadzaza anyamata a ana akhanda? Ndipo bwanji akamwini anga onse ali kumkuyu?"

"Achinyamata ndi aulesi, mfumu," anatero Mbalule.

Chikadza anagwira dzanja la mnyamata amene anaima pafupi naye, mkamwini wa mfumu dzina lake Lumbe, n'kulitambasula. Chikhatho chake chinali ngati khungwa la mtengo. Dzanja la mlesi limatero?

"Achimwene," anafunsa Chikadza, "mvula yobzalira itagwa, inu munali kuti?"

Lumbe anaponya diso kwa mfumu, n'kulibweza msanga, n'kuyang'ana zala za kumapazi.

"Mkuyu iwe," inatero mfumu, pakuti nayonso inali apongozi, "umuuze mnyamatayo anene. Pabwalo saluma munthu."

Lumbe anati, "Ndinali m'munda mwa apongozi."

"Wanu munabzala liti?"

"Titatha kubzala kwa apongozi. Koma munda wawo ndi waukulu, ndiye pomwe timamaliza kumapeto, koyambirira kuja udzu unali utamera, n'kuyambanso kupalira. Wanga ndinabzala cha apongozi chili m'mawondo. Pomwe changa chimamasula, mvula inali ikutsazika."

Chikadza sanadikire. Anakuwa mpaka mbalame zinathawa mumtengo: "Amene mvula yobzalira inakupezani m'munda mwa apongozi, wanu n'kubzala mochedwa, khalani pansi!"

Adzukulu inu! Kumkuyu anthu anagwa pansi nthawi imodzi, fumbi kuti koboo! Kumtondo anakhala mmodzi kapena awiri, ena onse chilili.

Apongozi onse amene analipo, ofulatira kale aja, anafulatiranso kawiri. Ndani akanayamba kulankhula? Mwambo umenewu unali wa makolo, ndipo mwini munda waukulu kuposa yonse anali ataima pomwepo pakati pa mitengo.

Mfumu inagwira m'chiuno. "Ndiye kuti wakuba uja ndine?"

"Sindinatero ine, mfumu," anatero Chikadza.

"Simunatero inu, yatero ndi mitengo." Kenaka mapewa ake anayamba kugwedezeka, n'kuphulika chiseko. "Ha! Ine kufunafuna mbava midzi yonse, mbava ili m'nsalu mwanga! Adzukulu anga omwe kugona ndi njala, ine nkhokwe zili thi!"

Anthu anapuma. Koma Mbalule, maso ake akuthwa aja, anakweza chala.

"Zikomo mfumu. Kumkuyu kwatsala munthu woimirira."

Onse anatembenuka. Ndani? Chikadza! Ali yekhayekha chilili ngati chitsa pamunda wotentha. Akanakhala bwanji pansi? Kamunda ka apongozi ake kanali kongokwana kugonapo mbuzi, ankakamaliza dzuwa lisanatenthe, ndipo wake ankabzala ndi mvula yoyamba, mudzi wonse ukuona.

"Nanga inu a Mbewe," inafunsa mfumu, "chimanga chanu chinalowera kuti?"

Anayankha ndi Nachisale kuchokera kwa amayi.

"Chinadzera pakhosi, mfumu. Ndikafulula wa dima la anthu, iwo amati tifululenso wathu wolawira. Ukatha wolawira, amati sanaumve bwino."

Chiseko chimene chinabuka pamenepo chinayoyola nkhuyu zonse mumtengo, zakupsa ndi zosapsa zomwe.

"Ndinanena ine!" anakuwa Mbalule.

"Munanena zoona a nduna," inatero mfumu, "koma zoona za munthu mmodzi. Sititentha mkeka chifukwa cha nsikidzi imodzi. Tamverani tsono. Mvula yobzalira ikagwa, mkamwini aziyamba munda wa ana ake. Minda ya ife apongozi izilimidwa pa dima, anthu ambiri tsiku limodzi. Ndipo dima lopanda mowa munaliona kuti? Mbiyazi zibwerere kwa mwini wake zamphumphu."

Amayi analulutira. Koma mfumu inakweza dzanja.

"Lero ndaphunzira kusathamanga. Tiyambe pakhomo panga ndi midzi ya tsidya lino, enawo atsale monga kale. Chaka chamawa a Mbewe adzagogodenso konsekonse, a Mbalule ali pambuyo pawo kuti khutu lisakondere. Kuno kukadzati thi, uko pho, lamulo lidzawoloke mtsinje. Zikadzakanika, tidzabwerenso pansi pa mitengoyi."

Zonsezo zinali zabwino, koma Chikadza maso anali pa chinthu chimodzi, mkeka. Bwalo lonse linatembenukira kwa apongozi aja. Iwo anayamba kukonza nsalu yawo pang'onopang'ono, dala, kuti mkamwini amve kuwawa. Kenaka anasuntha pang'ono, n'kuukankhira mkekawo kumbuyo ndi dzanja.

"Mtengo iwe, ukamuuze mkamwini wanga kuti mbiya sizinasweke, ndiye mkeka ubwerere m'nyumba. Koma makwerero a nkhokwe azisunga mwana wanga. Iyeyo akangoyandikira, ngakhale kugogoda kokha, ndidzamva."

Apa Chikadza sanadikire kuuzidwa kuti khalani pansi. Anagwada kutsogolo kwa mtengo uja n'kuuombera m'manja, kuuthokoza ngati munthu. Mwatitha anatsika kumsana, anathamanga n'kudzamukwera pakhosi, akuti, "Tate, tate!" Madzulo amenewo Chikadza anabwerera kunyumba mkeka uli m'khwapa, mwana ali paphewa, Nachisale ali patsogolo ndi mbiya pamutu akumukumbutsa kuti nzeru ija sanabwezebe.

Chaka chotsatira anagogodanso, Mbalule ali pambuyo. Tsidya lino thi! thi! thi! Tsidya ilo pho! Lamulo linawoloka mtsinje, ndipo madengu okasumira aja anasanduka zoikiramo nkhuku mazira. Makoswe nawo anabwerera, wamkulu yemwe uja ali patsogolo ndi kamtolo kake: "Odi a Mbewe, tamva kuti kuno kwacha." Ndipo Chikadza, poona kumene kummero kunatsala pang'ono kumufikitsa, mowa anausiya tsiku lomwelo, osaulawanso mpaka imfa.

N'chifukwa chake pamtundu pathu pano, mvula ikagwa, munda wa ana ndiwo uyamba. N'chifukwa chakenso munthu akabwera akupuma wefuwefu kuti, "Wolakwa ndi uje, tithane naye," akuluakulu athu samukalipira, samuvomeranso. Amangomufunsa kuti, "Wagogoda?" Wagogoda zonse, ya bwenzi ndi ya mdani, ndi yako yomwe? Waimika a thi uku, a pho uku? Ngati sunatero, khala pansi, usaswe mbiya za eni. Iwe Sikudzani, dzulo unkati anapiye akutha chifukwa cha galu wa a Nankhoma, mpaka unatola mwala. Wagogoda? Kapena ndi kabawi amene amazungulira pamwamba apa masana onse? Ehe, wayang'ana pansi.

Tafukulani mbatatazo, zapsa, khutu langa lamva. Ndi la kumtundu limeneli. Ndipatseni yaikuluyo, ine ndiye ndagwira ntchito.

Aa, zija zoti Chikadza anasiya mowa ndangoikapo ine, kuti amayi anu asandikalipire. Koma khoswe uja anatsazikadi.